Mwala womwa madzi m'tauni ya fumbi

Masana a mwezi wa Okutobala ku Moatize, dzuwa silichita nthabwala. Phula la mumsewu wa N7 limachita kunyezimira, mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto oima, ndipo aliyense amene ali ndi kandalama m'thumba amalowera kumene kuli firiji.

M'kanyumba kena kogulitsiramo zakumwa m'mbali mwa msewuwo, botolo la mowa wa 2M lozizira langoikidwa patebulo. Posakhalitsa layamba kutuluka thukuta. Timadontho tikutsetsereka, tikukumana kunsi kwa botolo. Mwini wake atalinyamula kuti amweko, patebulo patsala mkombero.

Mkomberowo ndi wakuda bii.

Tebulolo analipukuta m'mawa womwewo. Fumbi la malasha silidikira mawa.

Pangodya, anyamata ovala maovolosi a mizere yonyezimira aweramira foni imodzi. Mu kanema amene akuonerayo, phazi lonyowa likuponda pa kathabwa kotuwa, kenako likuchoka. Chidindo chake chikuoneka bwinobwino, zala zonse zisanu. Chikuyamba kufufutika kuchokera m'mbali. Anyamatawo asanamalize kudabwa, chazimiririka.

Wina akuti ndi zojambula za pakompyuta. Wina akudandaula kuti mayi a kunyumba kwake sakumugoneka tulo, akufuna awagulire chomwecho.

Kanemayo si wabodza.

Makanema otere adzaza pa Facebook, pa TikTok ndi m'magulu a malonda a pa WhatsApp, ndipo pachipata cha dziko safunsidwa pasipoti. Amatsatsa zinthu ziwiri zochokera ku mwala umodzi. China ndi chopondera cha pakhomo la bafa, chotalika masentimita pafupifupi 60, m'lifupi mwake 40, kuchindikala kwake kosafika sentimita imodzi. China ndi timiyala tozungulira kapena ta ngodya zinayi toikapo kapu, tambula kapena botolo kuti thukuta lake lisaononge tebulo.

Otsatsa amalonjeza zitatu: palibe kuchapa, palibe fungo, palibe kuterereka.

Ngati m'chigawo cha Tete muli malo amene malonda otere angapeze makasitomala, ndi kuno. Malasha a ku Moatize anayamba kukumbidwa kalekale, nthawi ya Apwitikizi, ndipo njanji yochokera ku Dona Ana inafika m'tauniyi mu 1949. Koma chimene chinatembenuza zinthu ndi kampani ya ku Brazil ya Vale, yomwe inapambana mpikisano wa mgodi mu 2004 n'kuyamba kutulutsa malasha mu 2011. Kunabwera ogwira ntchito ochokera ku Maputo, ku Beira, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi kutsidya kwa nyanja. Kunamera nyumba za lendi, malo ogona alendo ndi makomboni amipanda. Vale inachoka mu 2022, itagulitsa mgodi ndi njanji ya Nacala kwa Vulcan, kampani ya gulu la Jindal la ku India, pa mtengo wa madola 270 miliyoni.

Kampani inachoka, matailosi anatsala.

Nyumba yatsopano ya munthu wolandira malipiro a kumgodi imakhala ndi bafa la m'kati, shawa ndi matailosi onyezimira mpaka kuchipinda. Matailosi akanyowa samvera msinkhu wa munthu. Agogo obwera kudzacheza kuchokera ku Angónia amawadziwa bwino, amayenda chogwira khoma.

Mwalawu dzina lake ndi diatomite, ndipo mbiri yake imayambira m'madzi.

M'nyanja ndi m'mathamanda mumakhala tizomera ta mtundu wa ndere, tosaoneka ndi maso. Kalikonse kamadzimangira kachigoba ka silika, chinthu chomwe chija chili mumchenga ndi m'galasi. Kachomerako kakafa kamaola, koma chigoba chimamira n'kukagona pansi. Pamwamba pake pagwera china, kenako china, kwa zaka zikwizikwi, kwina mamiliyoni. Nyanja ija ikadzaphwa, chotsala ndi mwala woyera, wopepuka modabwitsa, wofewa woti mungaukande ndi chikhadabo.

Kupepukako kuli ndi chifukwa. Mbali yaikulu ya mwalawu ndi timabowo. Chigoba chilichonse chili ndi timabowo take, ndipo pakati pa chigoba ndi chinzake palinso mpata. Madzi akagwerapo amakokedwera m'kati, amabalalika m'thabwa lonse, kenako amauluka pang'onopang'ono ndi mpweya.

Tizomerati si tachilendo kwathu kuno. Matope a pansi pa nyanja ya Malawi ali ndi tizigoba tochuluka zedi. Mu 2005 akatswiri a sayansi anaboola pansi pa nyanjayi n'kutulutsa matope akalekale, ndipo zotsalira za tamoyo totere ndi zina mwa zimene zinawathandiza kuzindikira kuti nthawi ina chilala chinatsitsa madzi a nyanjayi ndi mamita mazanamazana.

Okumba mwalawu kwambiri ndi a ku United States, makamaka ku Lompoc m'chigawo cha California, kutsatana ndi maiko ngati Denmark ndi China. Ku Kenya amaukumba ku Kariandusi, pafupi ndi Gilgil. Mozambique nayenso ali nawo, ku Manhiça ndi ku Boane m'chigawo cha Maputo. Koma zopondera zimene mukuona pafonizo sizichokera kumeneko. Zambiri zimatuluka m'mafakitale a ku China.

Munthu wa ku Moatize, amene mawindo ake amanjenjemera mgodi ukaphulitsa miyala, ali pa ubale wakale ndi diatomite ngakhale sakudziwa. Mwalawu unapezeka ku Germany, kudera la Lüneburg, m'zaka za m'ma 1830. Patapita zaka pafupifupi makumi atatu, Alfred Nobel wa ku Sweden ankalimbana ndi nitroglycerin, mafuta ophulika amene sankafuna kugwedezedwa ndipo anali atapha kale mng'ono wake mu 1864. Nobel anaona kuti ufa wa diatomite umamwa mafutawo n'kuwakhazika mtima pansi, moti munthu angathe kuwanyamula. Mu 1867 analembetsa dainamaiti. Migodi ya masiku ano imaphulitsira zina, koma ntchito yong'amba mapiri inakula kuchokera pamenepo.

Ludzu la mwalawu lagwira ntchito zinanso. M'mafakitale ambiri amasefera mowa, vinyo ndi mafuta ophikira. Ku Zimbabwe ndi ku Tanzania akatswiri a zaulimi anayesa kusakaniza ufa wake ndi chimanga chosunga: ufawo umamwa mafuta a pakhungu la anankafumbwe, tizilomboto n'kufa ndi kuuma.

Amene anaulowetsa m'bafa ndi a ku Japan. Kumeneko, kudera la Noto, akhala akusema mbaula za makala kuchokera ku mwalawu kwa nthawi yaitali, ndipo amisiri amauthira mu pulasitala ya makoma kuti uzimwa chinyezi. Cha m'ma 2010 amisiri a pulasitala a mumzinda wa Kanazawa anali atayamba kuumba nawo tizipangizo ta m'nyumba. Zopondera zinagwira msika, otsanzira anachuluka, mitengo inagwa, malondawo anafalikira dziko lonse.

Apa mpofunika kumvetsa chinthu chimodzi. Chimene amatcha mwala m'bokosimo sichinasemedwe kuphiri. Diatomite payekha ndi wofumbutuka, sangapirire munthu wa makilogalamu 80. Ndiye amaupera, amausakaniza ndi laimu kapena simenti, amathiramo ulusi wa zomera kuti ugwirane, amaupanikiza n'kuuumitsa ndi nthunzi yotentha. Kapangidwe kake kamafanana ndi ka mabodi a siling'i.

Mukumbukire za ulusizo. Tizipezanso kutsogoloku.

Kuchokera ku Moatize kupita ku Zóbuè ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo minibasi ya chapa imayenda chokwera. Milambe imayamba kuchepa, matumba a makala amafola m'mbali mwa msewu. Pa Mussacama msewu wa ku Ulónguè umapatukira kumanzere. Mukamafika pansi pa phiri la Zóbuè, amene anatsegula windo ku Moatize watseka kale. Chinyungwe chatsala kuchigwa, pamsika pakumveka Chichewa chokhachokha.

Zóbuè ali m'boma lomwelo la Moatize, koma kuli ngati dziko lina. Mathiraki afola kudikira kulowa Mwanza, ena akuchokera ku Beira, ena ku Harare ndi ku Joni kudzera ku Cuchamano. Osintha ndalama agwira mipukutu ya makwacha ndi meticais. Mbatatesi, kabichi ndi anyezi zaunjikidwa m'mbali. Pamwamba pa mabasi ochokera ku Johannesburg pali mabulangete, mipando ndi mabokosi a katundu wa m'nyumba. Njira yomwe zinthu zatsopano zambiri zimafikira m'makomo a ku Blantyre ndi ku Lilongwe ndi yomweyi.

Tasiyani msewu, lowani kuseri kwa nyumba.

Bafa la kuno ndi mpanda wa udzu kapena wa njerwa, wopanda denga. Pansi pali mwala waphanthi wotola kuphiri, kapena njerwa zootcha zoyalidwa mwadongosolo. Munthu amaima pamenepo ndi ndowa yake, sopo ali pa kanjerwa kapadera, chinkhupule chapachikidwa pampanda. Pambali pali mwala wina wokhakhala wokwechera zidendene. Madzi amatsikira m'kangalande kopita ku nthochi.

Dzuwa likakwera, njerwa zija zauma. Palibe amene anazichapa, palibe amene anaziyanika.

Nzeru yake ndi yomwe ija ya m'kanema. Dothi lootcha lopanda utoto wonyezimira lili ndi timabowo, limamwa madzi n'kuwapereka ku mphepo. Mtsuko wa pakhonde umaziziritsa madzi akumwa chifukwa cha zomwezo. Kusiyana n'koti timabowo ta diatomite n'tochuluka ndiponso tating'ono kwambiri, ndiye amamwa mwamsanga ndipo ndi wopepuka.

Pabanja la bafa lotere, chopondera cha m'bokosi chilibe ntchito. Pansi posasalala chimathyoka tsiku lomwelo munthu akapondapo, pakuti chimafuna pamalo pothyathyathya. Ndiponso nyengo ya kuno siichikomera mtima. Chimauma ngati mpweya uli wouma. M'miyezi ya dzinja, kapena mu Juni ndi Julaye pamene nkhungu imakuta phiri, banja la anthu asanu ndi awiri likasamba motsatizana, wachisanu amapeza mwala utakhuta.

Ku Moatize nkhani ya kuuma ilibe vuto. Kumene kutentha kumapitirira madigiri 40, chopondera chimauma munthu asanamalize kuvala. Poyerekeza ndi chiguduli kapena thawulo lakale la pakaunjika limene limagona pakhomo la bafa likununkha chinyezi, mwalawu ukupambana, ndipo tisaunamizire. Umapulumutsanso madzi ochapira, chinthu chosachepa kwa amene amatunga ndi zigubu.

Koma zoti umapha tizilombo toyambitsa matenda n'zokokomeza. Chimene umachita n'kumana tizilomboto chinyezi chimene timakonda. Wa zilonda za pakati pa zala za kuphazi apite kuchipatala, mwala si mankhwala. Zoti suterereka nazonso n'zoona theka: phazi limagwira bwino pamwamba pake, koma thabwalo palokha limatha kutsetsereka pa matailosi ngati kunsi kwake simunayale kalabala.

Timiyala ta makapu tilibe milandu yambiri. Timamwadi thukuta la botolo, ndipo tambula siinyamuka nato monga imachitira ndi ta pulasitiki. Koma timamwa chilichonse. Tiyi wamkaka, Fanta, mafuta a nkhuku yootcha, zonse zimalowa, ndipo banga lake silimva sopo. Tina timapangidwa ndi mwala wa mchenga kapena dothi lootcha, kunsi kwake n'kumatako khungwa lofewa kuti tisakande tebulo.

Mdani weniweni wa mwalawu ku Moatize ali mumpweya.

Za fumbi anthu a kuno safunika kuuzidwa. Ufa woyanika pamphasa umasanduka wotuwa, malaya oyera a sukulu amadera pachingwe. Mu Okutobala 2018 anthu a m'dera la Bagamoyo analowa mumgodi n'kuimitsa ntchito chifukwa cha fumbi ndi kuphulitsa miyala pafupi ndi nyumba zawo. Mu 2024 madandaulo omwewo anabukanso, tsopano akulunjika kwa Vulcan.

Timabowo timene timamwa madzi timamezanso fumbi, thovu la sopo ndi mafuta odzola. Tikatsekeka, mwala umasiya kumwa. Madzi amangokhala pamwamba, chidindo cha phazi sichichokanso. Kumene fumbi ndi la malasha, zimenezi sizingachedwe, ndipo thabwa lotuwa lija limasanduka la mawangamawanga.

Opanga amadziwa. N'chifukwa chake m'mabokosi ambiri amaikamo kachidutswa ka sandipepa, ndi malangizo oti mwala ukaleka kumwa muupale pamwamba.

Apa ndi pamene timaona kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu Disembala 2020, ku Japan komweko kumene malondawa anabadwira, masitolo awiri akuluakulu a katundu wa m'nyumba, Cainz ndi Nitori, anaitanitsa zopondera ndi timiyala ta makapu zimene anali atagulitsa kale. Poziyeza anazipeza ndi asibesitosi wopitirira mlingo wa 0.1 peresenti umene lamulo la dzikolo limalola. Nitori yokha inaitanitsa zinthu zoposa 2 miliyoni, zopangidwa ku China. Unduna wa zaumoyo wa Japan unafotokoza kuti kungopondapo sikuulutsa ulusi woopsawo, koma kupala kapena kuswa kumauulutsa. Anthu anauzidwa kuti asapale, akulunge chinthucho m'mapepala a pulasitiki awiri, amate ndi tepi, ndipo asachitaye kudzala.

Diatomite mwachibadwa sakhala ndi asibesitosi. Amalowera pa ulusi uja wogwirizitsa thabwa, pakuti kwa zaka zambiri asibesitosi ndiye anali ulusi wa mabodi omangira nyumba. Si zopondera zonse zili naye, ndipo n'kulakwa kuziika zonse m'thumba limodzi. Vuto n'loti ndi maso simungasiyanitse. Zimafuna labotale.

Asibesitosi tikumudziwa kuno. Madenga akale a asibesitosi otchedwa lusalite akadalipo m'matauni ambiri a Mozambique. Amuna ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Tete anakagwira ntchito m'migodi ya Rhodesia, kuphatikizapo ya asibesitosi ya Shabanie ndi Mashaba. Ulusi wake ukalowa m'mapapo sutulukanso, ndipo khansa yake imatha kudikira zaka 20, 30 kapena 40 isanaonekere. South Africa inamuletsa mu 2008, Mozambique mu 2010.

Ngakhale thabwa lopanda asibesitosi, fumbi lake si lopuma. Ndi silika. Diatomite wosaotcha ali ndi silika wa mtundu wofatsa, koma akaotchedwa pamoto waukulu mbali ina imasanduka mtundu wolusa umene umalimbitsa mapapo. Matenda ake ndi aja anabwera nawo azibambo a pa Wenela kuchokera kumigodi ya golide, amene makampani asanu ndi limodzi a ku South Africa anavomera mu 2018 kulipira chipukuta misozi cha marandi 5 biliyoni, ndalama zomwe zikugawidwa kudzera ku Tshiamiso Trust. Kupala chopondera kamodzi pakapita miyezi sikungafanane ndi kukumba pansi zaka khumi, tisaopsezane. Koma mwana wa ku Bagamoyo wapuma kale fumbi lokwanira panja, sakusowa lina la m'bafa lotsekedwa chitseko.

Pali gulu lina la anthu limene nkhani ya dothi lomwa madzi imalikhudza kuposa onse. Mgodi wa Vale usanatsegulidwe, mabanja oposa 1,300 a ku Chipanga ndi midzi yoyandikana nayo anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010, ambiri kupita ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ena kudera la 25 de Setembro m'tauni. Pakati pawo panali oumba njerwa, anthu amene ankaotcha njerwa m'mauvuni awo. Analandira meticais 60,000 aliyense, ndipo iwo amati ndalama imeneyo sinali mtengo wa ntchito ya moyo wonse. Mu Januwale 2012 anthu a ku Cateme anatseka njanji chifukwa cha nyumba zong'aluka ndi minda yosabereka. Mu Epulo 2013 oumba njerwa nawo anatseka njira za kumgodi.

Anthu amenewo amadziwa dothi lomwe limang'aluka ndi lomwe limapirira moto. Amadziwa njerwa yopsa bwino poigogoda.

Kuumba kaphale kosalala kopanda utoto, kokula ngati chikhatho, koti botolo likhalepo, si ntchito yowaposa. Kadzakhala kolemera kuposa ka ku China ndipo sikadzamwa mwachangu chotero. Koma mwini bala adzadziwa amene anakaumba ndi dambo limene dothi lake linachokera, ndipo kakada adzakatsuka ndi bulashi popanda mantha. M'tauni imene sitima zimanyamula malasha usana ndi usiku kudutsa m'Malawi kupita ku Nacala, ulendo wa makilomita 912, n'zomvetsa chisoni kuti ngakhale poika botolo tiziyembekezera kontena.

Amene mtima wawo wakhazikika pa chogula, agule, koma afunse. Bokosi likhale ndi dzina la kampani ndi dziko limene chinapangidwa, osati maluwa okha. Wogulitsa aonetse umboni woti chinayezedwa asibesitosi. Makampani odzilemekeza anayamba kutero chichitikireni za ku Japan. Chikada, chitsukeni ndi madzi okha ndi bulashi yofewa, muchiimike pamthunzi pomwe pali mphepo, pakuti dzuwa la ku Tete lingachipinde kapena kuching'amba. Chikathyoka musachipatse ana kuti azilembera pakhoma.

Ndipo ngati simukudziwa kumene chinachokera, sandipepa ija itayeni.

Ku Japan vutoli linadziwika chifukwa panapezeka woyeza. Mozambique ali ndi INNOQ yoona za miyezo ya katundu ndi bungwe loyendera masitolo, Malawi ali ndi Malawi Bureau of Standards, ndipo pa Zóbuè ndi pa Mwanza pali maofesi a kasitomu amene katundu wolowa amadutsapo. Mabungwe amenewa atenge zopondera zingapo za pamsika, azitumize ku labotale, auze anthu zimene apeza.